Tebulo Limodzi, Wailesi Imodzi: Banja m'Masiku a Mliri

Nkhani ya pawailesi ya makolo, aphunzitsi ndi ana

[NYIMBO YOTSEGULIRA: kalimba ilire pang'ono, kenaka itsike]

WOLENGEZA: Nthawi yakwana, okondedwa omvera, yakuti timve nkhani ya makolo ndi ana. Lero tikumbukira masiku a mliri wa Covid-19, pamene sukulu zinatsekedwa, ntchito zina zinasamukira kunyumba, ndipo banja lonse linapezeka pakhomo kuyambira m'mawa kufikira usiku. Sendezani wailesi pafupi, itanani ana, timvere limodzi.

[NYIMBO IKWERE, KENAKA IZIME]

 

WOKAMBA: Akale anatisiyira mawu akuti linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ndipo popeza madzi a mliri uja anapita, masiki tinavula, ndowa za mpopi zimene zinkaima pakhomo la sitolo iliyonse zinabwerera kukhitchini, nkoyenera kuti ife amene Mulungu anatisunga tikhale pansi mofatsa, tisanaiwale, ndi kufunsana chimene masiku amene aja anatiphunzitsa. Za mankhwala ndi katemera anakamba kale madokotala. Ine ndadza ndi nkhani ya m'nyumba, ya bambo amene ofesi yake inasamukira pabalaza, ya mayi amene geni yake inagwa, ndi ya mwana amene anauzidwa kuti aphunzire mphunzitsi palibe. Chuma chinathandiza amene anali nacho, sindikana. Koma pakati pa mabanja ofanana mphamvu, amene anatulutsa ana awo m'masiku amenewo maphunziro ali amoyo ndi amene anagawa nthawi ndi ntchito za pakhomo mwachilungamo. Ndiwo mutu wa nkhani yanga.

Kumapeto kwa chaka cha 2019 kunamveka mbiri yakuti mumzinda wa Wuhan, m'dziko la China, mwabuka nthenda yachilendo yogwira m'chifuwa ndi kubanikitsa. Ndipo ambiri kuno, pomva kutalika kwa dzikolo, anaiyesa nkhani ya eni ake, osakumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 11 Malichi 2020 bungwe loona za umoyo la WHO linalengeza kuti nthendayo yasanduka mliri wa dziko lonse lapansi. Pa 20 Malichi mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Pulofesa Arthur Peter Mutharika, analengeza kuti dziko lili pangozi, nalamula kuti sukulu zonse, kuyambira za pulayimale kufikira za ukachenjede, zitsekedwe kuyambira Lolemba pa 23 Malichi. Pamenepo nkuti nthendayo isanapezeke ndi munthu aliyense m'Malawi, pakuti odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo ku Lilongwe. Chotero ana anatuluka pazipata akusekerera, akuyesa kuti alandira tchuthi chofulumira cha masabata owerengeka.

Boma linakonza m'bindikiro wa masiku 21 woti uyambe pa 18 Epulo. Koma ochita malonda m'misika ya ku Blantyre ndi ku Mzuzu anatuluka m'misewu kudandaula kuti munthu wodya zimene wapeza tsiku lomwelo sangatsekeredwe m'nyumba yopanda ufa, ndipo bwalo lalikulu la milandu linauimitsa usanayambe. Motero misika inakhalabe yotsegula, maminibasi anayendabe ngakhale ndi anthu ochepa pampando, koma zipata za sukulu zinakhala chitsekere: a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 anabwerera m'kalasi pa 7 Sepitembala, ndipo a makalasi ena anadikira kufikira pa 12 Okutobala. Kukolola kunadutsa, chisanu cha mu Juni ndi Julayi chinadutsa, dzuwa la chilimwe linayamba kutentha, ana ali pakhomo.

Kugwirira ntchito kunyumba, kumene mawailesi a kunja ankakukamba tsiku ndi tsiku, kunali kwa anthu owerengeka m'dziko lino: akalaliki a m'maofesi, a m'mabungwe ndi m'mabanki, ophunzitsa m'sukulu za ukachenjede, ndi ena a m'boma amene anauzidwa kuti azisinthana masiku opita kuntchito. Wakabaza sakanapalasa njinga pabalaza, namwino sakanabaya jakisoni pafoni, ndipo mlimi, telala wa pakhonde ndi woluka mphasa anali kugwirira ntchito pakhomo chiyambire. Komabe wa tayi ndi wa khasu yemwe anasenza mtolo umodzi, pakuti ana amene kale ankanyamuka m'mamawa ndi kubwera dzuwa litapendeka tsopano anali pakhomo tsiku lonse, ndipo wowayang'anira wina panalibe koma amene anawabala.

Tsono tiyeni tinene odi pakhomo limodzi la m'tauni. Sinditchula dzina la banjalo kapena dera lake, pakuti zimene ndikambezi zinachitika m'nyumba zambiri za lendi ku Chilomoni, ku Kawale, ku Chibavi ndi ku Chinamwali, ndipo ena mwa inu muzizindikira kuti ndi zanu. Nyumbayo ndi ya zipinda ziwiri ndi balaza. Bambo ndi kalaliki wowerengera ndalama pakampani ina, ndipo abwana awo anawapatsa laputopu, nati azigwirira ntchito kwawo. Mayi ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa nakagulitsa pachipata cha sukulu ya pulayimale, ndipo tsiku limene belu linaleka kulira, msika wawo unafera pomwepo. Ana alipo atatu: mtsikana wa Fomu 4, mnyamata wa Sitandade 5, ndi mzime wa Sitandade 1. Mulinso agogo, amene anabala mayiwo, omwe anachokera kumudzi kudzaonana ndi dokotala, nauzidwa kuti asakwere kaye basi kufikira zinthu zitakhala bwino. Tebulo ndi limodzi. Foni yamakono ndi imodzi, ya bambo. Wailesi ndi imodzi, yakale, yoyendera mabatire.

Masabata oyamba anali a chipwirikiti. Ikakwana 8 koloko bambo ankakhala patebulo atavala shati yosita, nalowa msonkhano wa pa Zoom. Mawu a abwana ankadukaduka, bambo ankanyamula laputopu kupita pazenera kukafuna netiweki, ndipo asanaipeze, mzime uja ankalowa akulira kuti anzake amulanda chidole. Mtsikana ankaima chapatali, manja ali kumbuyo, nati, “Adadi, aphunzitsi atumiza manotsi a Bayoloje pagulu la WhatsApp, mungandibwerekeko foni?” Bambo ankayankha osatembenuka, “Dikira kaye, mwana wanga, ndili ndi abwana.” Ankadikira kufikira masana, masana magetsi azima, madzulo magetsi ayaka, koma bandulo yatha, ndipo ya ina kulibe kufikira malipiro.

Mayi, pofunafuna kumene angagulitse mandasi awo, ankachoka mbandakucha kupita kudepoti ndi kumalo omanga nyumba, nabwera madzulo miyendo itatupa, beseni lisanathe. Ndipo ntchito zonse zimene mayi anazisiya, kutunga madzi kukiyosiki, kukoleza mbaula, kuphika, kuchapa, kusambitsa mwana, zinagwera mtsikana uja popanda wina kulamula, monga zimagwera mwana wamkazi m'nyumba zathu. Pamene mlongo wake, akangomwa tiyi, ankatola mpira wake wa mapepala nasowa kufikira njala itamubweza. Bambo, poona ana akubalalika, ankayesa kuphunzitsa masamu ndi dzanja limodzi, lina likulemba za kuntchito. Ndipo mapanga awiri anawavumbwitsa, pakuti kuntchito anawabwezera mapepala olakwika, ndi mwana anatsala ndi misozi ya kukalipiridwa.

Amene anaona zonsezi osalankhula anali agogo. Ndipo akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Lamulungu lina madzulo, mbale zitachotsedwa, anayala mkeka chapakhomo, ndipo popeza mwambo sulola mpongozi kuyang'anizana ndi mkamwini pokamba nkhani, anakhala chammbali, nalankhula moyang'ana mwana wawo, koma mokweza kuti bambo amve. Anati, “Mwana wanga, uwauze bambo a m'nyumba muno andikhululukire kuti mlendo ndikulankhula pakhomo pa eni. Muno mulibe waulesi. Koma nonse mukulimbirana ola limodzi, ndipo amene akuonongekerapo ndi mdzukulu wangayu, amene mayeso ake ali pafupi. Taona manja ake: ndi a sopo ndi makala okhaokha, inki mulibe.” Mayi anatembenukira kwa amuna awo, nati, “Bambo, mwamva mawu a amayi. Ntchito yanu ndiyo ikutidyetsa, sitikana. Koma a mayeso sadzafunsa kuti mwanayu anatsuka mbale zingati.”

Bambo anakhala chete kanthawi, pakuti mawuwo anali oona. Kenaka anatsitsa kalendala yakale pakhoma, naitembenuza, najambula mizere ndi rula ya mwana, ndipo banja lonse linapangana motere. Mbandakucha onse adzuke: mnyamata atunge madzi ndi kusesa, bambo akoleze mbaula ndi kusita, mtsikana aphike phala basi. Kuyambira 8 koloko kufikira 12 koloko tebulo ndi la bambo, ndipo pabalaza pasadutse munthu. Nthawi yomweyo ana aang'ono akhale pakhonde ndi agogo kumvera maphunziro a pawailesi, mtsikana ali kuchipinda ndi mabuku ake, osatumidwa ngakhale kukagula mchere. Bambo akamadya nsima, foni ndi ya mtsikana. Atsitse manotsi onse nthawi imodzi, awakopere m'kope ndi dzanja lake, kuti bandulo ikatha kapena magetsi akazima, maphunziro asathere pomwepo. Dzuwa likapendeka, mtsikana aphunzitse mlongo wake masamu, pakuti wophunzitsa mnzake amabwereza zake. Mayi akabwera, mnyamata awerengere ndalama za beseni, achotsepo za ufa, za mafuta, za shuga ndi za makala, anene phindu kapena kutayika kwa tsikulo. Usiku ndi wa agogo ndi nthano zawo.

Sindinena kuti kalendala ija inachiritsa zonse. Magetsi anazimabe, ndalama zinachepabe, ndipo masiku ena pangano linasweka. Koma linkasweka pamaso pa onse, ndipo aliyense ankadziwa chimene chasweka ndi pobwerera pake. Pamenepo panaululikanso chinthu chimene chinabisika zaka zinayi. Loweruka lina bambo anapatsa mnyamata buku la Chichewa, nati, “Tandiwerengera tsamba ili mokweza.” Mwanayo analoza ndi chala, natchula lembo ndi lembo, nafika kumapeto kwa mzere ataiwala kumene unayambira. Bambo ankasainira lipoti la mwanayo temu iliyonse, nakondwera pomuona akukwera kalasi. Sanadziwe kuti m'chipinda cha ana oposa 100, monga zilili m'sukulu zathu zambiri, mwana wofatsa akhoza kubwereza mawu pamodzi ndi anzake chaka ndi chaka osadziwa kuwerenga yekha, ndipo mphunzitsi, ngakhale akhale wakhama chotani, alibe makutu okwana kumva aliyense. Kuyambira tsiku limenelo bambo anapatula theka la ola madzulo alionse, laputopu itatsekedwa, kumvera mwana wawo akuwerenga; ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo.

[NYIMBO YAIFUPI YOPUMIRA]

WOKAMBA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za banja m'masiku a mliri wa Covid-19. Tichoke tsopano m'tauni, tipite kumudzi, kumene kuli unyinji wa Amalawi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lino munali anthu oposa 17.5 miliyoni, kuti pafupifupi theka la nyumba zonse linali ndi foni ya m'manja, nyumba imodzi mwa zitatu inali ndi wailesi, ndipo zoyatsa magetsi a ESCOM zinali ngati imodzi mwa khumi. Munthu akasinkhasinkha manambala amenewa aona yekha kuti maphunziro a pa intaneti, amene unduna wa zamaphunziro unakonzera ana a sekondale, sakanafika patali. Ndipo nchifukwa chake undunawo unatembenukira ku wailesi, nuyamba kuulutsa maphunziro a pulayimale pa MBC ndi pa mawailesi a m'madera. Inali nzeru yabwino, pakuti mawu a pawailesi safuna msewu kapena mlatho kuti afike ku Chitipa ndi ku Nsanje. Koma mawuwo atafika pakhomo, zotsala zinali m'manja mwa eni khomo.

M'mabanja ambiri wailesi ndi chuma cha bambo: amapita nayo kudimba, kubawo ndi kumsika. Chaka chimenecho chinalinso cha chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni, ndipo mabatire ambiri anathera pa nkhani za ndale, ola la ana likudutsa. Ngakhale pamene wailesi inasiyidwa pakhomo, mphunzitsi wa m'wailesi akanena kuti ana alembe mawu awa kapena awerenge miyala khumi, ankasowa maso oonera ngati mwana walembadi. Ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, akasiyidwa yekha ndi liwu lopanda nkhope, satha mphindi zambiri asanathamangire mbuzi. Kumene maphunziro amenewa anabala zipatso nkumene kunapezeka munthu wamkulu wokhala pambali: mayi wotonola chimanga, agogo osenda nyemba, kapena mnyamata amene analekeza Fomu 2, amene ankasonkhanitsa ana a nyumba zitatu pansi pa mtengo wa mango, motalikirana, nalemba zilembo pansi ndi kamtengo.

Panalinso nkhani ya m'mimba. Ana ambiri a m'midzi amadya chakudya chawo choyamba kusukulu, phala la Likuni limene amayi odzipereka amaphika mbandakucha. Ndipo sukulu itatsekedwa, kapu ija inatsekedwa nayo. Bungwe la Mary's Meals, limene limadyetsa ana oposa miliyoni m'sukulu za dziko lino, linayamba kugawira makolo ufa wa phalalo kuti akaphikire ana kunyumba. Koma si sukulu zonse zili ndi phala, ndipo pamene m'nkhokwe munachepa, mwana anatumidwa kuganyu, kukagulitsa nzimbe pamsewu, kapena kunyanja kukakoka khoka, ndipo ena mwa iwo, atalawa ndalama ya m'manja, sanabwererenso ku bolodi ndi choko.

Koma mtolo wolemera koposa unagwera mwana wamkazi, ndipo pano ndipempha mafumu ndi ankhoswe atchere khutu. Kafukufuku wa boma wa chaka chomwecho anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana oposa 40,000 anatenga pathupi, ndipo maukwati a ana anakwana pafupifupi 13,000. Awa si ana a dziko lina. Ndi ana a mbumba zathu, amene mu Malichi anali ndi yunifolomu ndi makope, ndipo pofika Okutobala anali oyembekezera. Malamulo analipo: lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zinakhazikitsa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Koma lamulo limakhala ku Lilongwe, pamene mwana amakhala pakhomo. Ndipo mtsikana amene tsiku lake lonse lathera kuchitsime, kunkhuni ndi kuchigayo, amene palibe womufunsa za buku kwa miyezi isanu, amene amamva akulu akunong'onezana kuti sukulu mwina sizidzatsegulidwanso, amayamba kudziyesa yekha mayi wodikira mwamuna, ndipo wodza ndi sopo ndi kandalama sapeza chomutchinga.

Tisaiwale amene anaima pamenepo. Magulu a amayi a pasukulu anayenda khomo ndi khomo kufunsa ana amene sanaoneke m'kaundula. Mafumu ena, potsata njira ya Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene mbiri yake yothetsa maukwati a ana inamveka kutali, anaitanitsa makolo kubwalo nabweza ana kwawo. Ndipo ndondomeko ya boma imalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Ngati m'nyumba mwanu muli wotere, amene anasiya m'masiku amenewo nakhala ndi manyazi kufikira lero, muuzeni kuti khomo silinatsekedwe, pakuti kugwa m'matope si kufa.

[NYIMBO YAIFUPI YOPUMIRA]

WOKAMBA: Tinayesa kuti zatha pamene ana anabwerera m'kalasi, koma mu Januwale 2021 mliri unabweranso ndi ukali umene sitinauone poyamba. Pa 12 Januwale, tsiku limodzi, dziko linataya nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Pulezidenti wa pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lilinso pangozi, ndipo sukulu zinatsekedwa kachiwiri kwa masabata angapo. Zipatala zinasowa mpweya wothandizira odwala kupuma. Maliro ankaikidwa mofulumira ndi anthu owerengeka, popanda kugona pasiwa, popanda kukumbatira ofedwa. Ndipo m'nyumba zambiri foni ikalira usiku, mtima unkayamba wadumpha munthu asanaiyankhe. Katemera woyamba anafika mu Malichi chaka chimenecho.

Ana anaona zonsezi, ngakhale akulu ankayesa kuti sakuona. Mwana amene wamva kuti nthendayi imapha okalamba, nayang'ana agogo ake akutsokomola, sangaike mtima pa masamu. Ndipo makolo anzeru anazindikira kuti phunziro loyamba la tsikulo ndi kukhazika mtima wa mwana pansi, pomuuza zoona m'mawu a msinkhu wake, pomupatsa chochita ndi manja ake, monga kudzaza ndowa yosambira m'manja ndi kuchapa masiki a banja, ndi popemphera naye pamodzi m'masiku amene kutchalitchi ndi kumzikiti kunali malire a anthu olowa. Mwana amene wapatsidwa gawo lake pa kuteteza banja amachepa mantha, pakuti amadziona kuti ali m'gulu la ogwira ntchito.

Wina angafunse kuti tikumbutsirananji zowawa zimene zinapita. Yankho lake nlakuti sukulu zinatsekedwanso pambuyo pake, ndipo zidzatsekedwanso. Mu Januwale 2023 ana a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu za m'chigawo cha kummwera, ndipo makalasi ambiri anasanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinakokoloka. Yosefe wa m'Buku Lopatulika sanadikire kuti njala ifike kuti amange nkhokwe. Chomwechonso ife tikonzeke nthawi ino, pamene belu likulira m'mawa ulionse.

Choyamba, sukulu ikatsekedwa, banja lipangane m'sabata yoyamba, lisanazolowere kusokonezeka. Lembani maola papepala, mulipachike poonekera, ndipo wamkulu akhale woyamba kulisunga. Pakuti wogwira ntchito afuna maola ake opanda phokoso, ndi mwana afuna ake opanda kutumidwa, ndipo zonse ziwiri zimakwana m'tsiku limodzi ngati sizikuikidwa pa ola limodzi. Nanu mabwana amene mumatuma anthu kukagwirira ntchito kwawo, kumbukirani kuti mwawatuma m'nyumba ya ana, ndipo musawaimbire nthawi iliyonse imene mwafuna.

Chachiwiri, ntchito za pakhomo zigawidwe molingana pakati pa mnyamata ndi mtsikana, ndipo bambo atengepo gawo lake poyera. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo mutu umene timausenzetsa kawirikawiri ndi wa mwana wamkazi, womwenso tikuyembekeza kuti ukhoze mayeso. Mnyamata amene waona atate ake akukoleza moto sadzachita manyazi kutunga madzi.

Chachitatu, sungani zida za maphunziro monga musungira mbewu. Makope akale a mwana wamkulu musakulungire usipa kapena kuyatsira mbaula, pakuti ndiwo mabuku a mng'ono wake. Wailesi ikhale ya banja lonse pa ola la maphunziro. Ndipo mukapeza kandalama, kasola kakang'ono kotchajira foni ndi kuunikira usiku kadzakutumikirani zaka. Nambala ya foni ya mphunzitsi wa mwana wanu ikhale yolembedwa pamalo odziwika.

Chachinayi, inu amene simunapite patali ndi sukulu, musadzipeputse. Makolo athu analibe kalasi ya njerwa, komabe sanalere ana osaphunzira: mnyamata ankalangizidwa kumphala ndi kuubusa, mtsikana pamtondo ndi kukuka kwa agogo ake, ndipo madzulo onse ankasonkhana pamoto kumva nthano ndi kuphera zilape, zimene zimanola nzeru ndi lilime. Chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ambiri tinapereka ana kwa aphunzitsi ndi manja awiri, ndipo tinachita bwino. Koma ena tinapereka pamodzi ndi udindo umene superekedwa, umene ngakhale m'chilamulo cha Mose unaikidwa pa atate ndi amayi m'nyumba zawo. Simufunika kudziwa Chingerezi kuti muuze mwana akufotokozereni m'Chichewa zimene waphunzira lero. Simufunika satifiketi kuti mumuwerengetse matumba a chimanga ndi mtengo wa feteleza. Kukhala kwanu pambali pake kumamuuza kuti chimene akuchitacho ndi ntchito yolemekezeka.

Chachisanu, mudzi usasiye banja lililonse lokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene ali ndi wailesi aitulutse pabwalo. Amene anatsiriza Fomu 4 ndipo akudikira mwayi aphunzitse ana a anansi ake. Nyakwawa ifunse m'nyumba iliyonse kuti mtsikana wa pano ali kuti ndipo akutani. Ndipo boma lipitirize kufikitsa magetsi ndi mabuku kumidzi, kuti tsoka likadzabweranso lisadzasankhe mwana wa mlimi.

Pomaliza ndikusiyirani ntchito imodzi, yosafuna ndalama kapena magetsi. Sabata ino isanathe, itanani mwana aliyense wa m'nyumba mwanu payekha, wamkazi ndi wamwamuna, mumupatse buku la kalasi lake, akuwerengereni tsamba limodzi mokweza, kenaka akuuzeni m'mawu ake zimene wawerenga. Akawerenga bwino, muyamikireni pamaso pa abale ake. Akakakamira, musamukalipire, pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake, mupangane nawo chochita, ndipo mupatule theka la ola tsiku lililonse kufikira lilime lake litamasuka, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.  Tsalani bwino, ndipo Mulungu asunge nyumba zanu.

[NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE CHAPANSIPANSI]

WOLENGEZA: Mwakhala mukumvera nkhani ya makolo ndi ana. Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakamba za njira zothandizira mwana wa Sitandade 1 kuzindikira zilembo pogwiritsa ntchito zinthu za pakhomo. 

[NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO]